Dzanja Lamanzere ndi Gitala ya Alamu

Lachiwiri, 9 Okotobala 1956

Dzulo andichotsa chikhakha ku chipatala cha ku Zomba. Dzanja lamanzere latuluka lowonda, lotuwa, lonunkha ngati chikopa chonyowa. Ndinaliyang'ana ngati la munthu wina. Fupa ati lalumikizana bwino, koma zala sizikupinda. Chamkombaphala chikuyesako, chapakati pang'ono. Ziwiri zotsirizazo zangoti njo ngati zikhomo.

Adokotala sanachulutse mawu. "Saulos, zalazi muziziyendetsa tsiku ndi tsiku, ngakhale zipweteke. Mukazinyengerera ziuma, ndipo khasu mudzaliiwala."

Chigwereni pa njinga mu Ogasiti, mbuzi itandidutsa kutsogolo ndili ndi dengu la matemba ulendo wa ku msika wa ku Zomba, sindinagwirepo ntchito ina iliyonse. Njinga ili kuseri kwa nyumba, foloko yopindika. Kope ili ndi lotsala la ku sukulu ya mishoni. Lamanja lili bwino, ndiye ndizilemba, kusiyana ndi kungoyang'ana nyanja.

Lachinayi, 11 Okotobala

Kutentha. Mphepo yochokera ku Chilwa ikubwera ndi fungo la matope.

Pano ndine mkamwini. Munda wa mpunga ku dambo ndi wa apongozi, amake Edina, ndipo chilowereni m'mudzi muno wolima ndine. Apongozi aamuna anamwalira kale, ndipo mlamu wanga Lyson ndi munthu wa ku Joni, amangobwera kudzapuma. Dothi la kudamboko ndi makande, silitheka mvula isanagwe. Ikangogwa pamafunika manja awiri.

Apongozi sandiyankhula maso ndi maso, ndiwo mwambo. Tikakumana panjira amapatuka. Koma mawu amafika ndithu. Lero popirikitsa nkhuku pa mphasa ya mpunga anati, "Kudya kokha, kupalasa ayi." Nkhuku zinamva. Inenso ndinamva.

Edina ati, "Musaziike kumtima, abambo ake Rozi. Dzuwali likuwapweteka mutu."

Loweruka, 13 Okotobala

Lyson anandipeza pansi pa mtengo wa mango ndikufinya bango laliwisi, monga ndachitira sabata yonse. Anaima, kuyang'ana, kuseka.

"Alamu, bangolo lakulakwirani chiyani?"

Ndinamuuza za adokotala. Anapita ku nyumba kwake nabwera ndi gitala ija anabwera nayo ku Joni, yofiirira, yong'aluka pang'ono m'mbali. Anaiika pamiyendo panga.

Ndinati, "Ine nyimbo sindidziwa, alamu."

"Ndani wanena za nyimbo? Ku komponi kunali mnzanga wina, mwala unamuphwanya dzanja mu mgodi. Chinamuwongola ndi ichi."

Pakhosi pa gitala pali tizitsulo topingasa, ndipo mipata ya pakati pake Lyson (ndizingolemba L.) amaitcha zipinda. Chala chilichonse chipinda chake. Waya mmodzi yekha, wonenepa wa pamwamba. Kudinikiza ndi chamkombaphala, kukodola ndi chala chachikulu cha kumanja. Kenako chapakati. Kenako chachitatu. Kenako kakang'ono. Basi, ndi kuyambiranso.

Choyamba chinalira. Chachiwiri chinalira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Chachitatu sichinafike n'komwe pa waya, L. anachita kuchigwira ndi kuchikokera. Ululu unakwera mpaka m'chigongono. Thukuta kamukamu, munthu nditangokhala pansi.

Lamulungu, 14 Okotobala

Kutchalitchi. Dzanja latupa, sindinakhudze gitala.

Lachiwiri, 16 Okotobala

Edina wapeza nzeru. Mmawa amafunditsa madzi m'kamphika, ndiviika dzanja mpaka madziwo atazirala, kenako ndiyamba. Zala zimamvera bwino zikafunda.

Ndazipatsa mayina kuti ndizitha kuzikalipira. Chachitatu ndi Waulesi. Kakang'ono ndi Mlendo, pakuti sikadziwa kumene kali. Waulesi akati atsike, Mlendo amatsika naye. Mlendo akati adzuke, zonse zimadzuka. L. ati chala chilichonse chiphunzire kuyenda chokha ngati mwana woleka kuyamwa.

Lero Waulesi wafika yekha pa waya. Mawu sanatuluke, koma wafika.

Lachisanu, 19 Okotobala

Nsonga za zala zatuluka matuza. Ndinamuonetsa L. poganiza kuti anena kuti ndipume. Ati, "Zikomo, mwayamba. Zikauma ngati chidendene mudzandiuze."

Wandigwira cholakwa china. Chala chikamaliza kudinikiza ndimachikweza m'mwamba kwambiri, ndiye pobwerera ulendo umatalika. Anatenga bokosi la machesi, naligwira pamwamba pa zala zanga, pafupi kwambiri ndi mawaya.

"Chala chikagunda bokosili, mwayamba kuyenda ulendo wopanda ntchito. Liwiro silichokera m'kuthamanga, alamu. Limachokera m'kufupikitsa njira."

Ndinaligunda mpaka machesi anatayika.

Apongozi (Ap.) podutsa ndi mtsuko, kuuza galu: "Ena akunola makasu."

Lolemba, 22 Okotobala

Ndatsika mawaya onse, kuyambira wonenepa mpaka woonda, chala ndi chala, ndi kubwereranso. Pang'onopang'ono ngati nkhono. Mlendo akulirabe ngati ntchentche, koma zitatuzo zikutulutsa mawu oyera.

Ndazindikira kuti ndimaluma mano ndi kukweza phewa. Ndikamasula phewa, zala zimapepuka. Zimenezi L. sanandiuze, ndazipeza ndekha.

Madzulo ndinamanga mfundo ya chingwe cha mbuzi ndi manja onse awiri. Yosalimba, koma mfundo.

Lachinayi, 25 Okotobala

Tsopano vuto lasamukira ku dzanja labwino.

L. akufuna kuti chala chachikulu cha kumanja chiziyenda pa mawaya awiri onenepa mosinthanasinthana, du-da, du-da, osaima, pamene chamkombaphala cha kumanja komweko chikukodola waya woonda, ndipo lamanzere likusintha kiyi. Kiyi ndiye kagwiridwe ka zala zingapo pamodzi. Wandiphunzitsa awiri.

Lamanja palokha likutha. Lamanzere palokha likuyesa. Ndikawaphatikiza, ngati akazi a pamitala, wina akalowa wina atuluka. Ndikaganiza za kiyi, chala chachikulu chimaima kudikira. Ndikaganiza za chala chachikulu, Waulesi amakagwera m'chipinda cha eni.

L. ati, "Musathamange. Imbani pang'onopang'ono mpaka inu nomwe mutope nazo. Chimene simungathe mwapang'onopang'ono simungachithe mothamanga."

Ndinatopa nazo ndithu.

Loweruka, 27 Okotobala

Ndinayenda wapansi mpaka ku dooko la Kachulu kukaona anzanga a matemba. Madzi aphwera, mabwato akukocheza patali, anthu akuyenda m'matope ndi madengu pamutu. Malo anga pa mchenga akugulirapo munthu wina tsopano. Sindinakhalitse pamenepo.

Pansi pa chisakasa chowambira milamba ndinapeza a Fanuelo, amene amasoka maukonde, akuimba gitala mwa mtundu wina. Aigoneka chagada pamiyendo, alowetsa msomali pansi pa mawaya kuti akwere, ndipo kumanzere agwira kabotolo ka mankhwala n'kumakatsetsereka pa mawaya. Gitala kulira ngati munthu. Ati dzina lake hauyani.

Ataona dzanja langa anati, "Mukuvutikiranji, achimwene? Apa zala sizifunika. Botolo ndilo chala."

Anandibwereka. Ndinapanira kabotolo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndi kukatsetsereka. Nthawi yomweyo kunatuluka chinthu chonga nyimbo. Amayi ena oyanika matemba anatembenuka. Chiyambire Ogasiti palibe amene ananditembenukira chifukwa cha chinthu chabwino.

Kabotolo anandipatsa. Anandionetsanso makungidwe a mawaya.

Lachiwiri, 30 Okotobala

Hauyani. Tsiku lonse hauyani. Palibe ululu, palibe matuza, madzi ofunda osafunika.

L. wapita ku Jali kwa bwenzi lake, abwera kumapeto kwa sabata.

Lachisanu, 2 Novembala

Anthu ayamba kubwera madzulo dzuwa likapepa. Dzulo asodzi ena ochokera ku dooko anakhala pabwalo mpaka nthawi ya chakudya, wina anavina. Ndikutha nyimbo ziwiri za a Fanuelo ndi ina ya kutchalitchi. Kunena zoona, ndakondwa sabata ino.

Ap. kuseri kwa mpanda, mokweza, m'Chilomwe kuti alendo ena asamve: pakhomo pawo pasanduka pa mowa.

L. anafika ndili pakati pa nyimbo. Anaona msomali pansi pa mawaya ake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, nati, "Botolo likuimba bwino." Analowa m'nyumba.

Lolemba, 5 Novembala

Mmawa Edina sanatereke madzi. Anabwera ndi khasu langa, mpini watsopano, nalitsamiritsa pa bondo langa.

"Tagwirani, abambo ake Rozi."

Ndinagwira. Lamanja linafumbata. Lamanzere linangozungulira mpini, Waulesi ndi Mlendo ali njo ngati tsiku lija la chikhakha. Ndinakweza khasu, kutema pansi, linandipulumuka n'kukagwa cha apo. Zimene ndinapindula masabata awiri aja zabwerera.

Edina analitola, nalipukuta fumbi. Sanakweze mawu.

"Amayi atumiza mawu kwa amalume. Abwera Lachitatu. Ine ndakhala ndikuwauza kuti gitalayo ndi mankhwala. Tsopano ndiwauza kuti chiyani?"

Rozi analira m'nyumba, iye analowa.

Lachitatu, 7 Novembala

A Edwadi, amalume ake a Edina, ndiwo ankhoswe athu a kuchikazi. Anafika dzuwa lisanakwere, tinakhala awiri pansi pa mango. Munthu wofatsa. Anayamba ndi za nyanja, za mbewa, za mtengo wa mchere. Kenako:

"Akamwini, mlongo wanga sakudana nanu. Akuopa njala. Mwana wake wamwamuna ndi wa m'njira. Munda ukagona chaka chino, adya chiyani iye, mkazi wanu ndi kamwanaka?"

Ndinati ndamva.

"Ena akumuuza kuti mubwerere kwanu ku Mayaka mukachire kumeneko. Inu mukudziwa kuti mkamwini akapita kukachira kwawo, njira yobwerera imamera udzu."

Anapempha kuona dzanja. Analitembenuza uku ndi uku, kupinda zala chimodzichimodzi, kundiyang'ana kumaso pamene ndinatsinzina.

"Ndiwauza kuti tidikire mvula. Mvula ndiyo idzaweruze, osati ife."

Atapita ndinachotsa msomali. Kabotolo ndampatsa Edina, ati aziikamo mchere.

Lachinayi, 8 Novembala

Kuyambiranso. Madzi ofunda. Waya mmodzi, chala ndi chala, chipinda ndi chipinda. Ululu uja wabwerera wonse.

L. anabwera ndi bokosi lake la machesi, nakhala pa chitsa. Za botolo sanatchule. Anangoti, "Phewa, alamu." Ndinatsitsa phewa.

Asodzi anabwera madzulo, anamva du, du, du, zzz, anabwerera.

Lolemba, 12 Novembala

Zabwerera msanga kuposa poyamba. Zala zikukumbuka njira ngakhale zikudandaula.

Manja awiri akadali pamitala. L. anandimvetsera kanthawi, ati vuto langa ndimathamanga pofewa ndi kuima povuta, ndiye chala chachikulu sichidziwa chotsata. Nthawi imeneyo Edina ndi amayi ake anali kusinja mpunga kuseri kwa mpanda, mtondo umodzi minsi iwiri. L. anakweza chala.

"Mwamva? Thi, thu, thi, thu. Munsi sudikira munthu. Wa amayi ndi waya wa pamwamba, wa achemwali ndi waya winawo. Chala chachikulu chitsate pamenepo. Lamanzere likachedwa, lisiyeni lichedwe, lipeza anzake kutsogolo. Koma chachikulu chisaime."

Ndinayesa. Kiyi woyamba, minsi inayi, kusintha. Lamanzere linafika mochedwa nthawi zonse, mawu ophotchoka, koma chachikulu sichinaime. Atamaliza kusinja, inenso ndinaleka.

Lachinayi, 15 Novembala

Tsopano tsiku langa likuyendera mtondo. Mmawa zala zokhazokha, kutsika ndi kukwera mawaya, kenako kulumpha: choyamba ndi chachitatu, chachiwiri ndi Mlendo. Masana akayamba kusinja, manja awiri.

Ndapeza kuti zala zikanyamuka zonse pamodzi, zitapanga kale maonekedwe a kiyi zili m'mwamba, zimatera nthawi imodzi. Poyamba ndinkaziika chimodzichimodzi ngati munthu wobzala chimanga. Ndimayeserera ngakhale popanda gitala, pa bondo, pa mkono wa kumanja, pa mpini wa khasu. Edina ati usiku ndimamuimba pamsana ndili m'tulo.

Mitambo yayamba kuunjikana kumbuyo kwa chilumba cha Chisi, koma ikumabalalika.

Loweruka, 17 Novembala

Nsonga za zala zauma ngati chidendene. Ndamuuza L.

Lachiwiri, 20 Novembala

Ap. azindikira.

Lero Edina anapita kumjigo wa ku mishoni, iwo anasinja okha. Ndinayamba kutsata monga mwa masiku onse. Mwadzidzidzi munsi unaima. Ine ndinaima. Unayambanso, ndinayamba. Unaimanso. Chete. Ndinamva akutsokomola.

Kenako anayamba mofulumira, thi-thi-thi-thi, ngati mtsikana. Ndinathamangira, zala zinakolana, Waulesi anagwera pakati pa mawaya. Iwo anapitiriza pang'ono, n'kubwerera ku kasinjidwe kawo. Nditangokhazikika, anafulumizanso. Anandigwetsa choncho mpaka mpunga unayera.

Popeta ndinawamva akuuza nkhuku, "Wagwa." Mawu ake sanali aukali. Sindikudziwa kuti anali otani.

Ndinamufotokozera Edina. Anaseka mpaka anakhala pansi. Ati amayi ake pa utsikana wawo ankatsogolera nyimbo za pamtondo mudzi wonse, ndipo palibe amene ankawapirira.

Lachisanu, 23 Novembala

Masiku atatu akundigwetsa. Koma ndikugwa mochedwerapo.

L. ati ndisalimbane nawo ndi mphamvu. Pofulumira ndimadinikiza kwambiri, ndiye chala chimachedwa kunyamuka. Anandiuza ndidinikize pang'ono kwambiri mpaka waya alire ngati ntchentche, kenako ndiwonjezere pang'ono pokha mpaka ayere. "Pamenepo basi. Zotsalazo mukungopweteka thabwa." Zoona, dzanja silikutopa ngati kale.

Pambuyo pake anandiuza kuti wakalembetsanso ku Wenela, olemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni. Lole idzawatenga pa Jali sabata yoyamba ya Disembala. Ndinayang'ana gitala, iye anaona.

"Iyi ndi mnzanga wa ku komponi, alamu. Kumene kuja madzulo amatalika. Popanda iyi munthu umayamba mowa."

Ndinati ndikudziwa, ndi yake. Ndipo ndi zoona.

Lolemba, 26 Novembala

Lero sindinagwe.

Ap. anayamba kusinja pang'onopang'ono, kufulumiza, kufulumizanso. Ine maso pa mtengo wa mango, osati pa zala. Chachikulu chinkayenda chokha ngati si changa. Lamanzere linkafika pa nthawi yake, kiyi uyu, kiyi uyo, ngakhale Mlendo anatera pake. Kumutu kunalibe kuwerenga. Ndinamva Rozi akuitana mbuzi, ndinamva njinga ikudutsa pamsewu, manja akungopita.

Amene analeka ndi iwo. Munsi unagwera pansi, ndinamva akupuma mwamphamvu. Ine ndinapitirira pang'ono, n'kutsiriza bwinobwino pa waya wonenepa.

Nkhuku sanaziuze kanthu.

Ndinatambasula dzanja ndi kulifumbata. Zala zitatu zikufika pachikhatho. Mlendo watsala pang'ono.

Lachinayi, 29 Novembala

Mvula. Inayamba masana, yamphamvu, ya mphepo, mpaka madzulo. Fungo la dothi. Achule ayamba kale ku dambo.

Gitala ndinaikulunga m'bulangete kuopa chinyezi. Khasu ndanola.

Loweruka, 1 Disembala

Dzulo ndi lero ku dambo.

Tinapita atatu, ine, Edina ndi L. Ap. anabwera pambuyo ndi mbewu, nakhala patali pa chulu. Makande afewa pamwamba pokha, pansi akadali olimba. Khasu loyamba ndinalitema ndi mantha. Linalowa, ndipo silinandipulumuke. Lachiwiri chimodzimodzi. Lamanzere limagwira kumapeto kwa mpini, limamva kugunda konse mpaka m'fupa, koma likugwira.

Sindinalime ngati kale. Edina anandipitirira, L. anandipitirira kawiri, chonsecho iye khasu analiiwala. Dzuwa litafika pamutu dzanja linayamba kutseguka lokha, ndinakhala pansi. Ndinaliviika m'madzi a m'ngalande, kuyendetsa zala pa bondo, choyamba, chachiwiri, chachitatu, Mlendo. Patapita kanthawi ndinadzuka, ndinalimanso ndime ina yaing'ono.

Lero chimodzimodzi, koma ndinakhalitsako.

A Edwadi anadutsa pa njinga, anaima pa mlambala wa munda, anayang'ana, anakweza chipewa, napitirira.

Madzulo zala zinali zolimba ngati nkhuni. Edina anatereka madzi osamuuza. Nditaimba pang'ono zinamasuka. Ndaona kuti khasu limazitseka, gitala imazitsegula. Lachiwiri L. akupita. Sindikudziwa kuti ndidzazitsegula ndi chiyani. Mwina ndikhome misomali pa thabwa ndi kukungapo waya wa msampha.

Lamulungu, 2 Disembala

Kutchalitchi anapempherera a paulendo. Masana L. anandiphunzitsa kiyi wachitatu, ati ndisunge m'zala mpaka adzabwere. Zaka ziwiri.

Lachiwiri, 4 Disembala

L. ananyamuka mmawa. Katundu wake: sutukesi ya malata, bulangete, ndi gitala yokulungidwa m'chiguduli, yomangidwa ndi luzi. Ndinati ndimuperekeze mpaka pa msewu ndisanapite ku dambo. Edina anali kulira pang'ono, Rozi kumsana.

Anapita kukatsazika amayi ake pakhonde. Ine ndinaima patali, cha ku nkhokwe, chozimbaitsa nkhope monga mwa masiku onse. Anagwada, iwo anamuuza zoti asamale, azilemba makalata, asakatengere za eni. Kenako ndinamva:

"Chimenecho ukupita nacho kuti?"

"Ndi gitala yanga, amayi."

"Ndikuiona. Kumene ukupitako kulibe masitolo?"

Apongozi anapitiriza.

"Dzanja lija silinathe kupola. Dzulo ndaliona, limatseguka dzuwa likafika pamutu. Munda sunafike ndi pakati pomwe. Iwe ukupita, ine nditsala ndi ndani? Chisiye."

L. anakhala chogwada kanthawi. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nkhokwe. Kenako anaseka pang'ono, anavula luzi paphewa, natsamiritsa gitalayo pa khoma la amayi ake.

Panjira sitinakambe zambiri. Pa mphambano anandigwira dzanja lamanzere, osati lamanja, nati ndifinye. Ndinafinya. Ati, "Mwayesa. Musaiike padzuwa, ndipo botolo ayi." Anakwera njinga ya mnzake, ndinawayang'ana mpaka anakhota.

Ku dambo mpaka masana. Pobwera ndinapeza gitala ili pakhomo pa nyumba yathu, ikadali m'chiguduli. Edina ati sanaibweretse ndi iye.

Ndinamasula luzi. Pomangapo makiyi okungira anagwedezeka, waya wachiwiri watsika, nyimbo sikumveka. Kupatula masiku aja a botolo, nthawi zonse wokunga anali L., ine ndinkangolandira. Ndinakhala pansi pa mango, khutu pa thabwa, kupotokola pang'ono, kukodola, kupotokolanso. Ndinaganiza kuti ndafika.

Kuseri kwa mpanda apongozi anaitana Edina.

"Kawauze abambo ake Rozi akwezeko pang'ono. Sanafike."

Ndakweza.